Ufumu Umayenda ndi Bele

Ndinaphunzira kuwerenga mibadwo ya mafumu ndili wamkulu kale, ndipo amene anandiphunzitsa anali agogo osadziwa ngakhale kulemba dzina lawo. Zinachitikira m'mudzi wina m'boma la Balaka, pansi pa mtengo wa mango, nyengo yokolola thonje. Nyakwawa ya mudziwo inali itatisiya, tsono anthu awiri amalimbirana dzina. Wina anali mwana wobereka yekha malemuyo, bambo wophunzira bwino amene anafika pabwalo atavala jekete, zikalata zili m'chikwama. Winayo anali mwana wa mlongo wawo wa malemu, mlimi wofatsa amene tsiku lonselo sanayankhule mawu opitirira khumi. Ine ku ofesi anangondituma kukalemba zokambirana, poti oweruza analipo kale.

Dzuwa litapendeka, anthu atatopa n'kulozana zala, agogo aja anakokera mkeka wawo pakati pa bwalo. Anamasula mfundo ya kunsonga kwa chitenje natulutsa njere za chimanga. Anaika njere imodzi pansi nati uyu ndiye mayi amene anabwera ndi mudzi uno kuchokera kumapiri a kum'mawa. M'munsi mwake anandandalika njere zitatu, ana aakazi a mayiyo: bele lalikulu, bele lapakati ndi bele laling'ono. Anapitiriza chotero mzere ndi mzere, njere iliyonse ndi dzina lake, mpaka mibadwo isanu ndi umodzi. Akafika pa mwana wamwamuna sankaika chimanga ayi, ankatola kamwala n'kukaika pambali. Amuna onse amene analowapo dzina la mudziwo anali timiyala tisanu, kalikonse pafupi ndi njere ya mayi wake.

Ine m'kope langa ndinalemba maina asanu aja, woyamba mpaka wachisanu, monga momwe fomu ya ku ofesi inkafunira. Agogowo anandipempha kuti ndiwawerengere zimene ndalemba. Nditawerenga anapukusa mutu.

"Akalaliki, mwatola miyala yokhayokha. Nanga mbewu mwasiyira yani? Mwala sumera, mwanangu."

"Pepani anganga, papepala pano malo ake ndi omwewa," ndinatero ine. Anthu anaseka, mlandu n'kupitirira.

Zimene ankachita agogowo ndizo zakhala zikugwira maufumu akuluakulu a ku Machinga ndi Balaka kuyambira kale. Maina amene timawamva pa wailesi, a Kawinga, a Liwonde, a Nyambi, a Msamala, a Kalembo, ndi a mabanja akale amene mbiri yawo imayambira kutsidya kwa malire, kumpoto kwa Mozambique. Wansembe wa mpingo wa Anglican, Yohanna Abdallah, m'buku lake la Chiikala cha Wayao limene linasindikizidwa ku Zomba mu 1919, anafotokoza kuti Ayao anachokera ku phiri lotchedwa Yao, ndipo pobalalika anagawikana m'magulu, lililonse n'kutenga dzina la malo amene linakakhala. Amachinga anali cha ku Mandimba. Nkhondo za Alolo ndi njala zitawasautsa, anatsikira kuno chapakati pa zaka za m'ma 1800, nakankha anzawo Amangoche amene anasunthira kumwera, kumapiri a Zomba, Chiradzulu ndi Blantyre. Chipwirikiti chimenechi ndicho Bishopu Mackenzie ndi David Livingstone anachipeza ku Magomero mu 1861. Boma limene kale linkatchedwa Kasupe lero likudziwika ndi dzina lomwelo la Machinga, ndipo Balaka inapatuka m'menemo mu 1998.

Kawinga anamanga pa phiri la Chikala, poyang'ana nyanja ya Chilwa. Malemia anakhala m'tsinde mwa Malosa cha ku Domasi, Liwonde m'mbali mwa Shire, Mponda pamene Shire amatulukira m'nyanja. Msamala ndi Kalembo tikuwapeza lero kutsidya la kumadzulo. Eni dziko amene anawapeza, Anyanja ndi Amang'anja, nawonso ankawerengera mtundu kuchikazi, choncho maukwati sanavute kulumikiza alendo ndi eni nthaka. N'chifukwa chake mfunda monga Mbewe, Mwale kapena Phiri mumaupeza kwa Myao ndi kwa Mnyanja yemwe.

Lamulo lake n'losavuta kulinena. Dzina limachoka kwa malume kupita kwa mwana wa mlongo wake, amene pa Chiyao amati mwipwa, ndipo oyamba kuwayang'ana ndi a bele lalikulu. Koma si kuti wobadwa m'bele lalikulu wangopata basi. Ntchembere za m'mbumba zimakhala pansi, ndipo zikaona kuti mnyamatayo ndi chidakwa kapena waukali, zimamulumpha n'kutenga wina. Wolowayo dzina lake lakale limafa tsiku lomwelo. Amasanduka malume ake aja, ubale wawo wonse n'kuusenza: amene malemu ankawatcha ang'ono awo, iyenso aziwatcha ang'ono ake, ngakhale akhale a imvi. Katswiri wina, J. Clyde Mitchell, amene anakhala m'midzi ya Ayao ya kuno pakati pa 1946 ndi 1949 nalemba buku la The Yao Village mu 1956, anaona kuti ubale wotere umamanga dera lonse la mfumu ngati banja limodzi. Nyakwawa ina ndi "mwana" wa mfumu, ina ndi "mng'ono", ina ndi "mwipwa", osati chifukwa cha anthu amene ali pampando lero, koma chifukwa cha mmene analili oyamba kutenga mainawo. Akuluakulu amati Mponda woyamba anali mwana wa Msamala. Pokhala mwana, dzina la bambo ake silikanamugwera, ndipo mbiri ikumuonetsa ali ndi dzina lakelake kumtunda kwa Shire. Mitchell anaonanso kuti ulemu wa nyakwawa unkaoneka pa zinthu zimene mfumu yaikulu yokha inkapereka: chilolezo chochititsa chinamwali, ndi kansalu kofiira kovala kumutu kotchedwa mlangali.

Pamene pavuta ndi pa ukwati, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo.

Pa chikamwini mwamuna amapita kwa mkazi. Mfumu singasiye mudzi wake, tsono mkazi wake ndiye amabwera, chitengwa. Komabe ana amene abadwe si a mudzi umenewo ayi, kwawo ndi kwa amayi awo, ndipo malume awo akhoza kudzawaitana tsiku lililonse. Taganizani munthu wamphamvu, wa minyanga ya njovu ndi mfuti, amene ana ake omwe ndi alendo pakhomo pake, pamene wodzalowa m'malo mwake ndi mwana wa mkamwini wina. Mafumu akale anapeza njira ziwiri zozembera vutoli.

Yoyamba ndi ukwati wa chisuweni. Mwana wamwamuna wa mfumu akakwatira mwana wa mlongo wa mfumuyo, sachoka pamudzi, ndipo mwana amene abereke ndi mdzukulu wa mfumu komanso ndi wa m'mbumba yachifumu, woyenera kudzalowa dzina. Magazi a bambo amazungulira kuseri n'kudzalowanso pakhomo. Mwana wamkazi wa mfumu naye ankatha kukwatiwa ndi mwipwa yemwe uja wodzalowa ufumu. Anthu a masiku ano akamva za kukwatirana pachisuweni amangoti n'zachikale, osadziwa kuti zinali ndale zenizeni.

Yachiwiri ndi yowawa kuikamba, koma kuibisa n'kunamiza ana. Maufumu amenewa anakula ndi malonda a minyanga ndi akapolo opita kugombe, ku Kilwa ndi ku Quelimane. Amuna ogwidwa ambiri ankagulitsidwa, koma akazi ambiri ankatsala n'kukwatiwa ndi mfumu ndi abale ake. Mkazi wogwidwa analibe malume, analibe nkhoswe, analibe mudzi woti ana ake adzabwerereko. Ana ake anali a bambo awo kotheratu. Mudzi wa mfumu unkatupa ndi ana otere. Ku Mwembe, kwa Mataka woyamba, Livingstone mu 1866 anapeza mzinda wa nyumba zosachepera 1,000, ndipo mbiri imati Matakayo anali ndi akazi mazanamazana omwazikana m'midzi ingapo. Tsono mfumu ikafa, pamudzi pamakhala magulu awiri oyang'anizana: a m'mbumba amene mwambo uli kumbali yawo, ndi ana a mfumu amene anakulira m'khonde mwake, odziwa kumene kuli mfuti ndi onga. Ansembe a White Fathers amene anakhala kwa Mponda kuyambira kumapeto a 1889 mpaka 1891 anapeza Mponda wachiwiri akumenyanabe ndi abale ake chifukwa cha dzina, zaka zingapo woyamba uja atamwalira.

Ukapolo unatha, koma mabele ake alipo. Ndamvapo pabwalo la milandu munthu akunong'oneza mnzake kuti "a nyumba iyo anachita kubwera," ndipo onse okhala pafupi anadziwa tanthauzo lake. Mawu amenewo amatha kugwetsa munthu pa ufumu lero lino, pa chifukwa cha zimene zinachitikira agogo a agogo ake m'zaka za m'ma 1870. Ine ndimaona kuti ndi nkhanza kulanga munthu kawiri, poyamba pomugwira mayi wake, kenaka pomukana mdzukulu. Koma amene angatsutse kapena kutsimikiza mawu otere ndi yekhayo wodziwa njere zonse ndi mzere wake.

Chisilamu chitafika kwa mafumu m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880, chinabwera ndi alembi a Chiswahili ndi chizolowezi chotchula munthu ndi dzina la bambo ake, koma ufumu chinausiya ukuyendabe ndi bele. Ngakhale mfuti za Angerezi sizinauthe. Liwonde anamenyana nawo mu 1893. Kumayambiriro a 1895 Kawinga anathira nkhondo Malemia, amene anali bwenzi la amishoni a ku Domasi, ndipo Alfred Sharpe ndi Captain Manning anakwera Chikala ndi asilikali a Chisikh ndi Atonga, Kawinga n'kuthawira kwa Apwitikizi. Jalasi anagonja chakumapeto kwa chaka chomwecho. Anathamangitsa anthu, koma alongo awo anatsala, ndipo maina onsewa alipo mpaka lero. A Kawinga ndiwo tsopano ali pa mpando wa Paramount Chief. Chimene atsamunda anasintha ndi kalembedwe. Lamulo la 1912 linakhazikitsa mafumu ozindikiridwa ndi boma, la 1933 linawapatsa makhoti ndi mphamvu zina, ndipo kuyambira pamenepo ufumu unalowa m'kaundula wa kwa DC. Kaundulayo ankafuna dzina la munthu wolandira malipiro ndi wotolera msonkho. Ndiye kuti mwamuna, kenaka mwamuna wina, kenaka winanso. Fomu imene ndinanyamula ine pansi pa mango paja inali mdzukulu wa kaundula ameneyo.

Chodabwitsa n'chakuti Angerezi omwewo kwawo sachita choncho. Mabanja awo akale achifumu ali ndi mabuku aakulu, monga Burke's Peerage limene linayamba kutuluka mu 1826, mmene mwalembedwa mkazi aliyense wokwatiwa m'banjamo, bambo ake, chaka cha ukwati ndi ana onse. Ndinachita chidwi ndi banja limodzi, la Cecil, chifukwa dzanja lake linafika mpaka ku Chikala kuno.

Kholo lawo William Cecil, amene anamwalira mu 1598, anali nduna yodalirika ya Mfumukazi Elizabeth woyamba. Mwana wake Robert analandira dzina laulemu la Earl of Salisbury mu 1605 namanga chinyumba cha Hatfield chimene banjali likukhalamobe. Dzinalo lakhala likuyenda kuchimuna, ana aakazi n'kumalumphidwa. Koma chuma chinkabwera ndi akazi. Mu 1821 mwana wa mwini dzina wa nthawiyo, amene anadzalowa dzinalo, anakwatira Frances Mary Gascoyne, mwana mmodzi yekhayo wa munthu wolemera, ndipo pofuna kulemekeza chumacho banja lonse linawonjezera dzina la mkaziyo pa lawo n'kukhala Gascoyne-Cecil. Kwathu kuno tikanati bamboyo analowa chikamwini cha dzina. Bambo a Frances, Bamber Gascoyne, anali phungu wa Liverpool kuyambira 1780 mpaka 1796, ndipo m'Nyumba ya Malamulo ankaikira kumbuyo malonda a akapolo. Mdzukulu wake, mwana wa Frances wobadwa mu 1830, ndiye Lord Salisbury uja, nduna yaikulu ya Britain imene mu January 1890 inaopseza Portugal kuti ichotse asilikali ake ku Shire, imene boma lake linalengeza mu 1891 kuti dziko lino lili m'manja mwa Britain, n'kutuma Harry Johnston kudzathana ndi mafumu a Chiyao pa mlandu wogulitsa anthu. Agogowo akanaika njere zawo pamenepa, akanationetsa kuti bele la wothetsa ukapolo ku Shire linayamwa chuma cha m'nyumba ya woteteza ukapolo ku Liverpool. Mzinda wa Salisbury umene makolo athu ankapitako kukagwira ntchito, umene unasanduka Harare mu 1982, unatchedwa dzina la munthu yemweyu.

Ndipo tamvani izi. Lord Salisbury atatula pansi udindo mu 1902, amene analowa m'malo mwake ngati nduna yaikulu anali Arthur Balfour, mwana wa mlongo wake Blanche. Mwipwa weniweni! Dzina ndi chinyumba zinapita kwa mwana wake James mu 1903, koma mpando wolamulira unagwera kumene ntchembere za kwa Kawinga zikanaugwetsera.

Ana a James ndiwo anatizinga kwenikweni. Beatrice anakwatiwa mu 1913 ndi William Ormsby-Gore, amene anafika ku Nyasaland mu 1924 akutsogolera nthumwi za Nyumba ya Malamulo, nadzakhala nduna yoona maiko olamulidwa ndi Britain kuyambira 1936 mpaka 1938. M'nthawi yake ndi mmene anatumiza bungwe la Bledisloe kudzafunsa za kuphatikiza dziko lino ndi maiko a Rhodesia, anthu athu n'kukana. Mary anakwatiwa mu 1917 ndi Edward Cavendish, wodzakhala Duke of Devonshire, ndipo mlongo wake wa Edward, Dorothy, anakwatiwa mu 1920 ndi Harold Macmillan. Mlongo wawo wa Beatrice ndi Mary, Robert, amene anadzalowa dzina la Salisbury, nayenso anatenga mkazi wa ku banja la Cavendish mu 1915. Anali nduna m'boma limene linatikakamiza chitaganya mu 1953. Macmillan ndiye anali nduna yaikulu pamene anadzaona yekha mkwiyo wa anthu kunja kwa Ryall's Hotel ku Blantyre mu January 1960, ndipo mu April chaka chomwecho Dr Banda anatulutsidwa m'ndende ya Gwelo. Chaka chotsatira Robert anaimirira m'nyumba ya mafumu ya ku London kudzudzula poyera nduna ya Macmillan, Iain Macleod, chifukwa chofulumira kupereka mphamvu kwa anthu akuda. Kumasuka kwathu tinakumenyera tokha, koma ku London mkangano wake mbali ina unali wa pachilamu, wa anthu okumana pa maukwati ndi pamaliro amodzi.

Sindikunena kuti Angerezi ankalemekeza akazi kuposa ife. Mwana wamkazi wa Cecil sakanalowa dzina ngakhale akhale woyamba kubadwa, pamene kwathu mayi ndiye mwini mudzi, ndipo amayi ambiri lero ali pa maufumu iwo eni. Iwo ankalemba akazi chifukwa mkazi ankabwera ndi minda, nyumba ndi abale amphamvu, ndipo zotere zimafuna umboni wa papepala. Chotsatira chake n'chakuti anthu amene dzina lawo limayenda kuchimuna ali ndi maina a amayi awo a zaka 400, pamene ife amene ufumu wathu umayenda ndi bele tinadzaza mafayilo ndi amuna okhaokha. Lamulo la mafumu la 1967 limati wolowa ufumu akhale woyenera malinga ndi mwambo wa deralo komanso wovomerezedwa ndi anthu ambiri. Mwambo wa kuno ukufunsa funso limodzi: anakubala ndani, ndipo iyeyo anabadwa kwa yani? Yankho lake si limene tinkasunga m'makabati mwathu. Milandu ya ufumu ikamachedwa m'makhoti zaka ndi zaka, mudzi uli wopanda mwini, anthu amati mafumu a masiku ano ndi adyera. Dyera lilipo, makamaka chibwerere cha malipiro a pamwezi. Koma kale dyera linkakumana ndi ntchembere zodziwa mzere wonse, pamene lero likukumana ndi pepala la maina asanu.

Palinso ena, ophunzira anzanga ambiri, amene akuti tingosiya zonsezi ufumu uzipita kwa mwana, monga zikhalira kwa Angoni ndi kumpoto. Bambo wa jekete uja ankanena zomwezo, ndipo sindimuda, poti anasamala bambo ake pa matenda mpaka tsiku lomaliza pamene msuweni wake anali kumunda. Koma mudziwo sunali wa bambo ake. Minda ndi manda zinali za njere zija.

Tsiku lija oweruza anapereka dzina kwa mlimi wa thonje, potsatira chimanga cha agogo. Papita zaka tsopano. Mlimiyo anamwalira chaka chatha, ndipo mkangano wabukanso, ulendo uno pakati pa bele lalikulu ndi lapakati. Wina anakumbukira kuti panali kalaliki amene analemba zonse, choncho anandifunafuna mpaka kundipeza kumene ndikugwira ntchito tsopano. Ndinapita ndi kope lija, poti makope anga sinditaya. Nditawerenga maina asanu pabwalo panangoti zii, chifukwa amenewo ngakhale mwana wa sukulu amawadziwa.

Agogo aja anagona kale. Mdzukulu wawo, mayi wa msinkhu wanga, anatenga chimanga nayamba kuika kuchokera pansi kukwera m'mwamba: iye mwini, amayi ake, agogo ake, amayi awo a agogowo. Pamenepo anaima, njere yachisanu ili m'manja. Anati alipo amayi ake aang'ono, mng'ono wawo wa amayi ake, amene anatengedwa chitengwa cha ku Ntaja, ndipo ndiwo ankagona m'nyumba imodzi ndi agogowo ali mtsikana. Akuti maso anafooka koma mutu ukadali bwino. Tapangana kukwera minibasi ya m'mawa Loweruka likubwerali, iye ndi chimanga chake, ine ndi kope latsopano.